Dothi la a Wayisoni

Kankhirani chitsa icho pakati, utsi ukundilowa m'maso. Mwandifunsa za Abusa Thawale, kuti adalowera kuti munthu wotchuka ngati uja. Ku ofesi ya mpingo adakuuzani kuti akupuma chifukwa cha shuga. Shuga wake uti? Ine Bizaliele ndidawayendetsa zaka khumi ndi zinayi, ndipo pa ulendo umene udawathera uja chiwongolero chinali m'manja mwangamu. Ndiye mverani, koma musakanene kuti mwamva kwa ine.

Udindo wawo unali Mkulu Woyang'anira Atumiki a Kunja. Dzina lalitali, ntchito yake kadontho. Mpingo wathu udatumiza mabanja angapo ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe kukalalikira, ndipo kamodzi pachaka a Thawale ankayenera kukawaona ndi kuwalimbikitsa. Kulimbikitsa kwake kunali kufika, kujambulitsa, kudya nkhuku, kudandaula za fumbi, kenaka kubwerera. Basi.

Anali munthu wa thupi lake, wodzola mafuta onunkhira moti fungo linkagona m'galimoto mpaka mawa. Kutsogolo sankakhala. Ankati kutsogolo ndi kwa makondakitala. Ankakhala kumbuyo, kuvula nsapato, n'kutambalala ngati mfumu ya kwina. Nsapato zakezo, abale, ankazikonda kuposa nkhosa zawo. Zinali zofiirira, zosongoka kutsogolo, zogula ku Joni, ndipo zinali ndi kansalu kakekake kopukutira. Ine kwa iwo ndinali "iwe", chonsecho ndine wamkulu kwa iwo ndi zaka zitatu.

Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala, tidapita ku Zimbabwe kukaona Abusa Gwirize ndi akazi awo. Banja limeneli lidakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa komboni ya mgodi wina wotsekedwa kalekale, kupitirira Bindura. Anthu a pamenepo ndi athu omwe, ana ndi adzukulu a matchona, aja adapita wapansi nthawi ya atsamunda kukafuna ntchito osabwereranso. Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chishona, koma akakuona ndi nambala ya galimoto ya ku Malawi amakugwira dzanja osafuna kulisiya.

A Gwirize ankapemphereretsa mu holo yakale ya mowa, ndipo iwo ndi akazi awo ankagona m'kachipinda ka kuseri momwe kale ankasungiramo migolo. Adatikonzera kachipindako, iwo n'kuyala mphasa mu holomo. A Thawale adangosuzumira pakhomo, mphuno atatseka ndi mpango.

"Ine ndigone muno? Iwe, tembenuza galimoto, tikagone ku tauni."

Mayi Gwirize anali atapha nkhuku yawo yomaliza. Ndidaona mmene adayang'anira pansi. Mayi amene uja ndidamudziwa ali wonenepa ku Kasungu, koma tsikulo chitenje chinkamuzungulira kawiri, ndipo ankatsokomola chifuwa chouma chija chosamveka bwino.

M'mawa mwake tidabwerera kudzachita mapemphero. Tisanayambe, a Gwirize adawakokera pambali abwana awo. Ine ndinali pafupi, ndikutsitsa katundu.

"Bambo, amayi kunyumbaku chifuwa chawavuta chaka chonse. Timapempha tikapumeko kumudzi miyezi iwiri, akaonedwe ndi madokotala, aonenso makolo awo."

"Lembani kalata," adatero a Thawale, maso ali pa foni. "Komiti ikaona. Mtumiki sathawa munda chifukwa cha chimfine. Iwe, apatse mphatso zawo."

Mphatso zake zinali makalendala makumi asanu. Pa kalendala iliyonse panali nkhope ya a Thawale, atagwira Baibulo pachifuwa, akumwetulira ngati wotsatsa mankhwala a mano. Ulendo wa tsiku lathunthu, mayiko awiri, kudzapereka nkhope yawo kwa munthu wodwala.

Mapemphero ali mkati ine ndidatuluka kukawongola miyendo, ndipo ndidapezeka kumanda kuseri kwa holoyo. Manda ambiri, mitanda yake ya zitsulo zotola ku mgodi. Chidandidabwitsa n'chakuti pa mitandapo sadalembe masiku obadwa kapena omwalira. Adangolemba dzina ndi kwawo. Dowa. Ntcheu. Mulanje. Nkhotakota. Mphepo kunalibe, koma kachitsulo kena kankagogoda penapake pang'onopang'ono, ngati munthu wodikira amene akusewera ndi zala patebulo. Ndidabwerera msanga.

Ulaliki utatha, a Thawale adandipatsa foni kuti ndiziwajambula kanema akupatsa anthu moni. Apo mpamene mayi wina wa zaka ngati makumi asanu adatuluka pagulu n'kugwada patsogolo pawo. Dzina lake Esinati. M'manja adafumbata kachitini kakang'ono komanga ndi nsanza yoyera.

"Abusa, pepani ndikuchedwetseni. Baba anga a Wayisoni adachoka kwa Kanyemba, kuseri kwa Mponela, ali mnyamata. Adafera kuno chaka chatha. Pomwalira adandigwira dzanja n'kunena kuti, mwanangu, mafupa atsale, koma dothi la pamanda panga lipite kwathu. Ine pasipoti ndilibe, ku Malawi sindidzafikako. Inu mukupita komweko. Atengeni baba anga."

Foni inali m'mwamba, ikujambula. Mukuganiza kuti a Thawale akadakana pamaso pa kamera? Adalandira ndi manja awiri, adakweza kachitiniko m'mwamba, mawu akunjenjemera mwaluso lawo lija.

"Mwana wa Mulungu, dothi ili ndikalipereka ndi manja angawa!"

Anthu adalulutira. Esinati adapukuta misozi, koma sadadzuke.

"Chinthu chimodzi, Abusa. Pa zipata za boma baba savutika, adabwera kudzera m'tchire. Koma Zambezi amamuopa. Pobwera mnzawo adatengedwa ndi ng'ona akuwoloka pa bwato, iwo akuona. Mukafika pa mtsinjewo muwaitane dzina, muwauze kuti awoloke. Ndipo musawasiye panjira. Ankati adasiya mlongo wawo wamng'ono kumudziko, kaya alipo."

"Usadandaule, mwana wanga," adatero a Thawale, akuyang'ana kamera.

Tidanyamuka mawa lake kukucha. Titapitirira Mutoko, paja pali matanthwe akuluakulu osanjikizana, ndidamva kumbuyo akufufuza m'chikwama.

"Ichi chandidetsera malaya. Iwe, tsegula windo utaye."

"Abusa, mudalonjeza pamaso pa anthu."

"Ine ndi madigiri anga awiri ndikaime pa mlatho ndiziyankhula ndi dothi? Zachikunja zimenezi ndi zimene Gwirize akulekerera kuno. Taya!"

"Ine ayi, Abusa. Dzanja langa silingathe."

Adatsonya, adatsitsa galasi lawo, n'kuponya okha. Ndidaona kachitiniko pagalasi loonera kumbuyo kakuuluka kulunjika pa thanthwe. Chitini chikamenya mwala chimalira, nonse mukudziwa. Ine sindidamve kanthu. Adakweza galasi, adapukuta zala ndi mpango, adavula nsapato, n'kugona.

Titayenda pang'ono ndidaona mkulu wina m'mbali mwa msewu, akulowera komwe tinkapita ife. Adavala chijasi chachitali chofika m'maondo, kutentha konse kuja kwa Okutobala. Paphewa adasenza sutikesi yachitsulo, ija ya makedzana. Kumapazi kunalibe kanthu. Sindidaganize zambiri, misewu ili ndi anthu ake. Kungoti nditamupitirira n'kuyang'ana pagalasi kuti ndione nkhope, ndidangoona msewu ndi fumbi.

Pa Nyamapanda tidadinditsa mapasipoti bwinobwino, tidalowa Mozambique. Dziko la kumeneko ndi louma, milambe yokhayokha, midzi patalipatali. Dzuwa litakwera, patsogolo panga padaonekanso chijasi chija. Sutikesi yomweyo, paphewa lomwelo, kayendedwe komweko kotsimphina pang'ono mwendo wamanzere. Ife pa galimoto tinali titathamanga maola awiri. Iye wapansi, ndipo anali patsogolo pathu.

Ndidatsegula wailesi kuti ndimve mawu a anthu, koma inkangopuma ngati munthu wotopa. Ndidaitseka.

Kachitatu tidamupeza tikuyandikira Tete. Ulendo uno a Thawale anali maso.

"Abusa, mkulu uyo mukumuona?"

"Ndiye?"

"N'kachitatu tikumupitirira. Kuyambira ku Mutoko."

Adaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Amisala amafanana paliponse. Yang'ana msewu, ndi umene udalembedwera."

Adaseka, inde. Koma ndidawaona pagalasi akutembenuza khosi kuyang'ana kumbuyo, ndipo adakhala chotembenuka nthawi yaitali.

Tidafika pa Zambezi dzuwa lili paliwombo. Mlatho uli apo, tikuuona, galimoto idangozima. Sidatsokomole, sidagwedezeke, idangoleka ngati munthu wasintha maganizo. Ndidaikankhira pambali mothandizidwa ndi anthu. Mafuta analimo, batire inali bwino, madzi anali bwino. Amakanika awiri a pomwepo adabwera, adagwiragwira ola lathunthu, adakanda mitu n'kuchoka. Kutentha kwa ku Tete mumangokumva, phula limachita kumata ku nsapato. A Thawale adakhala m'galimoto zitseko zili pululu, akudzipepeza ndi kalendala yawo yomwe, akunditukwana kuti sindisamala galimoto ya mpingo.

Pafupi panali mayi wogulitsa madzi ozizira. Chinyungwe chawo chimamveka ndithu kwa ife. A Thawale adaitanitsa botolo limodzi, lawo lokha. Mayiyo atapereka adaima, akuyang'ana pamthunzi wa galimoto, mbali ya kumanzere.

"Nanga agogowa simuwapatsa madzi? Mapazi awo mwawaona mmene ang'ambikira?"

"Agogo ati?" adafunsa a Thawale.

Mayiyo adawayang'ana, adayang'ananso pamthunzi paja. Nkhope yake idasintha. Adanyamula ndowa yake n'kuwoloka msewu mothamanga, osacheukanso.

Pamthunzipo panalibe munthu. Panali fumbi lokha, lophwathalala pamalo amodzi ngati padakhala wina, ndi kamzere ka makona anayi pambali pake, ngati pomwe adatula katundu.

Ine si munthu wa zamizimu, ndidakulira m'kwaya. Koma ndidazungulira kutsogolo, ndidabisala kuseri kwa boneti kuti abusa asandione, ndipo ndidanong'ona.

"A Wayisoni, pano ndi pa Zambezi. Masiku ano pali mlatho, za bwato zidatha. Kwerani tizipita."

Galimoto idatsika pang'ono mbali ya kumanzere, monga imachitira munthu akakhala pampando. Ndidatseka boneti, ndidalowa, ndidapotokola kiyi. Idalira kamodzi n'kamodzi.

"Waona? Ulesi basi," adatero a Thawale.

Tili pakati pa mlatho, kabelu kaja kokumbutsa lamba kadayamba kulira. Ti, ti, ti. Wanga ndinali nditamanga. Kabelu kameneko kamalira pokhapokha pampando wakutsogolo pakakhala munthu. Ndidatambasula dzanja, ndidakoka lamba wa mpando wopanda munthuwo, n'kumumanga. Kadasiya. Pokoka lambayo dzanja langa lidadutsa pamalo pozizira ngati m'mphika wa madzi.

"Ukutani iwe?"

"Kawaya kasokonezeka, Abusa."

M'galimoto mudayamba kumveka fungo lina, lopitirira mafuta awo aja. Fungo la fodya wopichira ndi la chijasi chimene chagona m'sutikesi zaka zambiri. Kuchokera pa Tete mpaka ku mapiri a ku Angonia, munthu wokonda kulongolola uja sadatulutse liwu. Mkulu wa chijasi sitidamuonenso pamsewu.

Titafika pa chipata cholowera ku Dedza, a Thawale adapapasa pansi kufuna nsapato. Adapapasanso. Adagwada pampando, matako m'mwamba, akusuzumira pansi pa mipando. Kansalu kopukutira kanalipo, kopindidwa bwinobwino. Nsapato kunalibe.

Adatukwana amakanika a ku Tete, adatukwana mayi wa madzi, adatukwana dziko lonse la Mozambique, pomaliza adati ndaba ine. Ndidawatsegulira chikwama changa. Mapeto ake Mkulu Woyang'anira Atumiki a Kunja adakadinditsa pasipoti atavala suti, kolala ya ubusa, ndi patapata wanga wosambira, wina womanga ndi waya. Amayi ogulitsa mbatata adaseka mobisa nkhope m'zitenje.

Titadutsa chipata ndidayankhula motsitsa, maso ali pamsewu. "Tafika kwathu. Ino ndi Dedza."

Pampando paja padamveka kupuma kumodzi, kwakutali, kwa munthu amene watula katundu wolemera. Abusa adamva. Ndikudziwa kuti adamva chifukwa adadzikokera kukona, miyendo n'kuikweza pampando.

"Abusa," ndidatero, "tisaime ku Lilongwe. Mponela ndi ola limodzi lokha. Tikawatule kwawo."

"Ukatule chiyani? Dothi lake lili kuti?" Adayesa kuseka koma sizidatuluke bwino. "Ndikafike pamudzi wa eni ndi patapata, ndikanene kuti ndabwera ndi mphepo? Ndipititse kunyumba."

Pamenepo ndiye panali vuto. Dothi lija likadakathiridwa kwawo, mwini wake akadatsikira pomwepo. Tsopano munthu adakwera, koma potsikira palibe.

Tidafika kunyumba kwawo dzuwa likulowa. Atangotsegula chitseko, lamba wa mpando wakutsogolo adamasuka yekha n'kubwerera m'malo mwake. Galimoto idakwera pang'ono mbali ya kumanzere. A Thawale adayenda pa timiyala ta pabwalo pawo, patapata akulira phwa, phwa, phwa. Kumbuyo kwawo, motsalira masitepe awiri, kunkamveka zidendene zolimba. Kho, kho, kho. Kulira kwa nsapato zimene ndidazimva zaka zambiri sindingakusokoneze. Iwo adaima, nazonso zidaima. Sadacheuke. Adathamangira m'nyumba, chitseko chidachedwa kutsekeka pang'ono, kenaka chidatsekeka.

Patapita masiku asanu Mayi Thawale adandiitana. Ndidawapeza kukhitchini, maso ali ofiira.

"A Bizaliele, kudachitika chiyani kuulendoku? Ndiuzeni zoona."

Ndidawafunsa chimene aona. Adati nsapato zija zidapezeka. M'mawa uliwonse zimakhala pageti mkati, zitayang'ana kumpoto, zili fumbi lokhalokha. Abusa adazikiyira mu wadiropu, mawa lake zinali pageti. Adaziponya m'dzenje la zinyalala, mawa lake zinali pageti, zidendene zitadyeka ngati zayenda mtunda wautali. Pa tebulo, mpando umodzi ankaupeza utakokedwa. Galu wawo adasiya kulowa mumpanda. Ndipo bambowo, amene ankalalikira pa wailesi kuti ziwanda zimathawa zikamva dzina lawo, ankagona nyali zonse zili chiyakire, Baibulo ali nalo pamimba.

Ndidawauza zonse. Adapita kukawachonderera amuna awo kuti tipite kwa Kanyemba tikapepese. Ndidamva yankho lake ndili panja.

"Anthu amve kuti Thawale wakagwadira mzimu wa tchona? Ndi udindo wangawu?"

Lamulungu lotsatira linali lopereka lipoti la ulendo ku tchalitchi chachikulu. Anthu adadzaza. Adaonetsa kanema uja ndidajambula ine, Esinati atagwada, kachitini kali m'mwamba. A Thawale adaima pa guwa atavala nsapato zatsopano zakuda, nkhope itatuwa koma pakamwa pali pomwepo.

"Abale, utumiki ndi kudzichepetsa. Ine ndemwe, ndi manja angawa, ndidanyamula dothi limenelo kudutsa mayiko atatu, ndipo ndidakafika nalo pamudzi..."

Adaima. Adayang'ana denga, adayang'ana mafani akuzungulira, adayang'ana anthu ngati sadawaonepo. Mapewa adagwa, msana udapindika. Mawu amene adatuluka pa maikolofoni anali aang'ono, okalamba, onjenjemera.

"Tafika pati, mwanangu?"

Ena adaseka, ankayesa ndi chitsanzo cha ulaliki. Wina kumbuyo adafuula ameni. Koma munthuyo adawerama, adavula nsapato zakudazo, adaziika bwinobwino pambali pa guwa, n'kutsika. Adadutsa pakati pa mipando akutsimphina mwendo wamanzere. Palibe adamugwira. Akuluampingo adangoyang'anana, aliyense kudikira mnzake, mpaka adatuluka pageti.

Pomwe ine ndi Mayi Thawale timakatenga galimoto n'kuyamba kusaka, padapita mphindi zosakwana makumi atatu. Tidakamupeza kupitirira Lumbadzi, pa msewu wa kumpoto, kolala ili m'khosi, masokosi atang'ambika. Mtunda umenewo wapansi ndi wa tsiku lathunthu. Dzanja limodzi adalikweza paphewa ngati wagwirira katundu.

Ndidaimika galimoto patsogolo pake. Mayi adatsika akulira, akuitana, "Bambo a Chisomo! Bambo a Chisomo!" Iye adawapatsa moni mwaulemu ngati mayi wachilendo, kenaka adasuzumira pawindo langa.

"Ndinu mudandiwolotsa pa Zambezi. Zikomo, mwanangu. Kwatsala pang'ono."

Adatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala pambali panga.

Njira ya kwa Kanyemba ine sindinkaidziwa, ndipo a Thawale ndi a ku Zomba, kumeneko sadapondeko. Koma titapitirira Mponela adayamba kulozera. Khoterani apa. Apa panali mkuyu waukulu, adadula. Apa tinkamwetsa ng'ombe. Paliponse pomwe adati pali njira, njira inalipodi, ngakhale ina inali itasanduka kanjira ka njinga.

Tidaima pa nyumba ina yofolera ndi udzu kumapeto kwa mudzi. Pakhonde padakhala gogo wina wamaso oyera ndi ng'ala, akusenda mtedza m'lichero. Anthu adayamba kusonkhana poona galimoto. Adatiuza kuti amenewo ndi a Nankhoma. Mlendo wathu adatsika, adaima m'mphepete mwa bwalo.

"Mwatitha."

Anthu adayang'anana, palibe ankadziwa dzina limenelo. Koma lichero lidagwa, mtedza udamwazika pansi.

"Ndani akundiitana dzina la paubwana? Onse olidziwa adapita."

"Ndine, Mwatitha."

Gogoyo adapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Achimwene? Mudati mubwera pa Khirisimasi. Mudati mundigulira diresi la maluwa."

Chimunthu chonenepa chija chidagwada m'fumbi, suti ndi kolala zomwe, chidakwawa mpaka pakhonde n'kuika mutu pamiyendo ya gogoyo.

"Ndidagula, mlongo wanga. Adanditayira panjira. Ndabwera chimanjamanja."

Gogoyo adapapasa nkhope ija, masaya onona aja, ndipo sadafunse kuti bwanji si nkhope ya kwawo. Adangoti, "Mwafika. Ana inu, wiritsani madzi, amalume anu asambe."

Tsiku limenelo tidayesa kumukweza galimoto, adakana mofatsa. Adati wayenda zaka zambiri, sangayambenso ulendo tsiku lomwe wafika. Tidabwerera awiri.

Akuluampingo adapitako katatu ndi magalimoto, mafuta odzozera ndi zokuzira mawu. Adafuula mpaka mawu kusasa. Iye adawayalira mphasa, adawafunsa kuti ndi ana a yani, adawawotchera chimanga. Dokotala adapitako, adatchula dzina lalitali la matenda, adasiya mapiritsi. Amene adalowa pa udindo wa a Thawale adalola a Gwirize kubwera kumudzi, ndipo Mayi Gwirize adachira. Nditamuimbira Esinati kumuuza kuti bambo ake adafika, adalulutira pa foni mpaka khutu langa kuwawa. Za kachitini sindidamuuze.

Mpaka lero munthu uja ali komweko kwa Kanyemba. Mimba idaphwa. Amalima dimba la a Nankhoma, amawatungira madzi, amawatsogolera ku tchalitchi chaching'ono cha pamudzipo, komwe amakhala benchi ya kumbuyo. Anthu a kwa Kanyemba amati sadaonepo munthu waulemu chotero.

Mayi Thawale adandipempha kuti ndiwaperekeze patatha miyezi iwiri, atatenga zovala ndi zithunzi za ana kuti mwina akumbuka. Iye adawalandira ngati mlendo wolemekezeka. Adawafunsa ngati ayenda bwino, ngati msewu sudawapweteke msana. Adawathirira madzi osamba m'manja, iye atagwada. Adawasankhira mbatata zofewa. Zithunzi adaziyang'ana n'kunena kuti ana okongola, Mulungu awasunge. Potsanzikana adawanyamulira chikwama mpaka pagalimoto, n'kuwatsegulira chitseko.

Tidanyamuka, tidafika pa phula. Ndinkayembekezera kulira. M'malo mwake adapinda zithunzi zija m'mpango, adaziika m'chikwama, adatseka zipi.

"A Bizaliele, zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndi bambo aja. Sadandifunsepo ngati ndayenda bwino. Akuluampingo akanenanso zopita kukapemphera kuti abwerere, muwauze kuti ine ndati awasiye."